Bambo a Tadala ndi galimoto ya m'chipululu

Lamlungu, mwezi wa Febuluwale, ku Wakefield

Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga wapepukako.

Mwana wathu Tadala wabwera kuchokera ku Leeds ndi nkhani ya holide. Akufuna kutitengera ku Morocco pa Isitala, kumene alendo amakwezedwa galimoto zamphamvu n'kudutsa m'chipululu mpaka kukafika pa mathithi. Ine ndinangoyang'ana bambo ake. Chidwalireni sitiroko chaka chatha, kulikonse sapita kupatula kuchipatala. Ngakhale kutchalitchi amakana, akuti safuna anthu aziwaona akukoka mwendo.

Mwanayo anawaikira vidiyo pafoni. Bambowo anaonera mpaka pamene galimoto inatitimira mumchenga.

"Dalaivala ameneyu sanaphwetseko matayala," anatero. "Pamchenga sulimbana nayo galimoto, umachita kuinyengerera."

Kenaka anayamba kusimba za ambulansi imene ankayendetsa ku Neno tisanabwere kuno, matope a dzinja, amayi oyembekezera ali kumbuyo. Mawu amenewa ndinali nditawasowa m'nyumba muno. Tiyi anazizira m'kapu iwo akulankhulabe.

Tadala anafunsa m'Chingelezi chake chija ngati alembetse malo atatu.

"Amayi ako amachita chizungulire, akakhale pakati," anayankha. "Ine kutsogolo, ndizikamuona bwino mnyamata woyendetsayo."

Inde weniweni sananene, ndipo mawa akhoza kusintha maganizo. Adokotala nawonso sitinawafunse. Koma Tadala atapita ndinawaona kuchipinda akuyesa jombo zawo zakale, ndodo itatsamira khoma. Sindinalowe, ndinangobwerera mwakachetechete.