Ngolo Zanga pa Tsamba Lachitatu

Lachinayi, Okutobala. Lero kwatentha, mutu wanganso watentha.

Makuponi atuluka, anthu akusaka ngolo zotutira feteleza, koma zanga zitatu zili phee pabwalo. Mwana wanga Esinati, amene anandiikira malonda pa intaneti, akuti munthu akafufuza "ngolo Kasungu" ine ndikumapezeka ku tsamba lachitatu la zotsatira, kumene sikufika munthu. Mlandu wake? Ati polemba malondawo ndinayamba ndi moni wautali ndi mbiri ya makolo.

"Ababa, makina ofufuzirawo samva moni. Poyambirira pakhale ngolo, mtengo wake, ndi dera lathu la Simlemba."

"Ndiye mlendo ndimuuze mtengo asanakhale n'komwe pansi?"

"Mukufuna ulemu kapena ogula?"

Mwana ameneyu! Mapeto ake ndamuuza afufute moniwo. Koma dzina la bambo anga, amene anandiphunzitsa kukhoma ngolo, lisachoke, ngakhale likhale pansi penipeni.