Thupi Lokana Kutsika

Lolemba, 3 Marichi

Makilo 96. Chimodzimodzi ndi mwezi watha. Ndinavula nsapato, ndinavula juzi, ndolo zokha ndi zimene ndinachita nazo manyazi. Anamwino anayang'ana sikelo, kenako ine. "Mayi, mukutsatadi zomwe tinakambirana zija?" Ndinati eee, ndithu. Akuti magazi akuthamangabe, shuga nayenso wayamba kusuzumira, ndipo thupili likapanda kutsika tidzakambirana zina zosakoma.

Sindinaname zonse ayi. M'mawa uliwonse ndimayenda ndi Aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe, kuzungulira bwalo la mpira kanayi. Tiyi wopanda shuga. Madzulo masamba owiritsa, mafuta kadontho. Zonsezo nzoona. Chimene sindinanene ndi dirowa ya pansi pa mashini anga osokera kuntchito.

Lachiwiri, 4 Marichi

Bambo a ana andipatsa mathalauza awiri kuti ndiwabweze m'chiuno. Iwo amangodya nane masambawo pofuna kundilimbikitsa, koma ndi amene akutsika. "Wodwala ndiwe, wochira ndine," akutero uku akuseka. Ndinaseka nawo. Kenako anati mwina sikelo ya kuchipatala ndi yowonongeka, chifukwa iwo amaona ndi maso awo mmene ndikuvutikira. Bola akanandikalipira.

Lachitatu, 5 Marichi

Lero ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Tikusoka mayunifolomu oyera a ophika a ku hotela. Abwana anapeza nyerere pa nsalu, nkuyamba kutsata mzere wake, atawerama ngati wapolisi. Kudutsa patebulo lodulira, kutsika ndi mwendo wa mpando, mpaka pa mashini anga. Anakoka dirowa. Mabisiketi mapaketi atatu, imodzi yotsegula. Theka la buledi wopaka majarini. Mapepala a tchipisi onona mafuta, opindidwa bwinobwino pansi pa zidutswa za nsalu.

Onse mushopu anatembenuka kudzaona. Ndi ine yemwe ndimakana keke ya anthu pa tsiku lawo lobadwa, yemwe ndimatulutsa kabokosi ka nkhaka masana kuti aliyense aone.

Wamabatani, mnzanga wa mashini oyandikana nane, ndiye anayamba. "Asisi, ndiye dayeti yake ndi imeneyi? Tilembeni nafenso!" Onse gwa kuseka. Ndinati nza ana. Ana anga ali ku sukulu yogonera konko, ndipo aliyense akudziwa.

Abwana anangoti chakudya chisamakhale pafupi ndi nsalu za makasitomala. Ndinasesa nyererezo ndekha, nkhope ikuyaka. Poweruka ndinataya zonse m'bini. Nditafika pokwerera basi ndinagula zina.

Lachinayi, 6 Marichi

Aphunzitsi anagogoda 5:30. Ndinatuma Bambo akawauze kuti bondo likupweteka. Silikupweteka.

Loweruka, 8 Marichi

Ndakhala ndikudzifunsa kuti zinasokonekera pati, chifukwa mu Januwale zinkayenda. Ndinatsika makilo asanu, siketi ya buluu nkumazungulira yokha m'chiuno. Ndinasangalala masiku atatu basi. Kenako kasitomala wina wakalekale anandigwira pamkono, mawu atatsitsa: "Mwatha bwanji chonchi? Muli bwino koma?" Tsiku lomwelo ndikusamba ndinaona mafupa a m'khosimu atayamba kuonekera pagalasi. Mtima unagunda ngati ndaona njoka. M'mawa mwake ndinagula paketi yoyamba.

Si njala. Nthawi zambiri sindimva nkukoma komwe. Ndimangotafuna mwachangu, mutu uli pansi ngati ndikufuna bobini yogwa, mpaka mantha aja atakhala pansi.

Lamulungu, 9 Marichi

Kwa Amayi. Nditangolowa anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira masiku onse, nkumwetulira. "Eya, tsopano wabwereramo. Mwezi uja unandidetsa nkhawa." Mpunga phiri, nkhuku yokazinga, mbatata. Ndisanamalize anawonjezera. Bambo a ana anatsegula pakamwa kuti anene za kuchipatala, ine ndinawaponda phazi.

Chithunzi cha malemu mng'ono wanga chikadali pamwamba pa wailesi. Mu Juni zikwana zaka zitatu. Sindinalembepo za iye m'buku muno, kaya bwanji.

Anadwala miyezi isanu ndi inayi, ndipo womudwazika ndinali ine. Diresi lake lobiriwira ndinalibweza katatu. Chiuno 34, kenako 30, kenako 26. Kachinayi anandiuza kuti ndisavutike. Anthu obwera kudzamuona ankatuluka akunong'onezana pakhonde, ngati kuonda ndi mlandu. Chakudya chinkamukana. Ndiye ndinkakhala pamphepete pa bedi ndi mbale yake, "Taona ine ndikudya, nkokoma, tangolawa." Iye supuni imodzi, ine zisanu. Ankaseka, "Achemwali, mudzaphulika." Mbale ikabwerera kukhitchini yopanda kanthu, Amayi ankasangalala kuti wadya, ine osawauza. Iye ankatha, ine ndikukula. Pamaliro anthu ankati koma inu ndiye muli ndi thanzi.

Ndinamaliza mbale yachiwiri ija yonse. Amayi anandipakiranso zina zopita nazo.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndinabwerera koyenda. Aphunzitsi sanafunse za bondo. Tili pa ulendo wachitatu wozungulira bwalo ndinangoyamba kulankhula, za dirowa, za nyerere, za mbale ya malemu. Mwina chifukwa poyenda simuyang'anana kumaso. Ndinkadikira ulaliki wa kudziletsa, paja ndi mphunzitsi. Iwo anangoti, "Ndiye mwakhala mukumenya nkhondo ziwiri, ina yofuna kutsika, ina yoopa kutsika. Mayi anu akudziwa zomwe ananena anamwino?" Ndinati angadwale nazo. Anati, "Nanga akadzamva muli pa bedi la chipatala?"

Ndinakwiya nawo mpaka masana. Dirowa ili ndi paketi imodzi. Ndadya mabisiketi anayi, ndawerenga.

Lachisanu, 14 Marichi

Amayi anatulukira kushopu nthawi ya nkhomaliro, chikwama m'manja. Akuti anapita kukagula mankhwala awo a maso ndiye anati adzere. Anatulutsa kontena, fungo la nyama yokazinga shopu yonse. Wamabatani anatsokomola dala.

Ndinawatengera kuseri, pa benchi ya pafupi ndi mpopi. Ndinatulutsa buku la kuchipatala, lakhala m'chikwama changa chiyambire tsiku la sikelo lija. Ndinati, "Amayi, ine sindikudwala matenda oondetsa. Anamwino akuti thupi ili ndi limene lingandipweteke. Ndikuyenera kuonda, koma ndikangoyamba ndimaopa." Ndinawauzanso za mbale zija, kuti amene ankamaliza ndinali ine.

Amayi anayang'anitsitsa manambala omwe sangawaone popanda magalasi.

"Ndinkadziwa," anatero. "Mwana amene akudya saoneka choncho. Ndinkangofuna mbale izibwera yopanda kanthu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ukamatsika thupi ndimaona iye uja. Ndiye ndimaphika."

"Inenso ndimaona iye."

Tinalira pamenepo, mpopi ukudontha, mashini akulira mkatimo. Palibe anatuluka kudzatiyang'ana, ngakhale Wamabatani.

Kenako Amayi anatenga chivindikiro, nkutseka kontena ija okha, kudina mbali zonse zinayi. Anaibwezera m'chikwama. "Tsiku lobwerera kuchipatala undiuze, tipitire limodzi. Ndikamve ndi makutu anga kuti kuonda kwabwinoko kumaoneka bwanji, ndisamadzidzimuke." Ndinawaperekeza pokwerera basi. Chikwama chinkawalemera mbali imodzi, koma anakana kuti ndiwanyamulire.

Ndikulemba izi pa mashini, anzanga akulongedza. Kuyambira masana sindinadye kanthu kupatula nkhaka zanga zija. Ndikumva njala. Njala wamba, ya m'mimba.