Mbaula ya ku Namwera

Lolemba, 13 Juni 1983

Amuna anga a Howard atuluka m'chipatala lero. Mulungu ngwamkulu! Ine ndili kumaliro kwathu ku Ntcheu, bambowa kuzizira kwa ku Namwera kunawakwana, nkulowetsa mbaula kuchipinda, mazenera nkutseka ndi nsanza. Anawapeza ali gone, osayankha, ndi aneba athu Abiti Ajira. Pano bambowa akuti mutu wokha ndiwo ukuwawa. Mphunzitsi wathunthu kuchita zoterozo!

Lamulungu, 19 Juni

Ayimba kwaya bwinobwino. Akundiseka kuti ndinalira msanga umasiye. Asa!

Lachitatu, 6 Julayi

Pamsika a Yufi, anyamata a chipani aja, afunsa a Howard khadi la chipani. Iwo angowayang'ana duu, khadi lili m'thumba la shati. Ndatulutsa ndine. Kunyumba ndawakalipira. Angomwetulira.

Lachiwiri, 12 Julayi

Ahedi a kusukulu kwawo awabweretsa masana. Akuti anangoima pabolodi, choko m'manja, ana akuseka. Kuyenda kwake nkokhwekhwereza mapazi. Mabatani ndikuwamanga ndine.

Loweruka, 16 Julayi

Tinali kuchipatala kuboma. Adokotala akuti ndi utsi wa makala womwe uja. Munthu amaoneka wachira, koma pakapita masabata ubongo umayamba kufooka. "Ena amabwerera, mayi. Ena ayi." Ndafunsa za mankhwala, angotembenuza manja.

Lachinayi, 21 Julayi

Abiti Ajira anabwera ndi mbatata, tinangokhala phee. Chiyao changa chimathera pa moni. Ndasungulumwa, abale inu. Woti ndimuuze zonsezi ndi yemweyo wakhala pakhondeyo.

Lamulungu, 24 Julayi

Pochokera kutchalitchi ndawapeza pakhonde. Atandiona aimirira movutikira, andipatsa mpando wawo, awomba m'manja.

"Takulandirani, mayi. Mwayenda bwanji?"

Ndimayesa nthabwala zawo zija. Ayi ndithu.

Kenaka uyo, kuthamangitsa tambala wathu yemwe timasungira Khirisimasi, akuti mlendo sitimudyetsa masamba. Agwa m'fumbi. Ndawadzutsa, andithokoza mwaulemu kwambiri.

"Musachoke," atero. "A Matilda, akazi anga, ali kumaliro. Abwera posachedwa. Ndawasowa zedi."

Chikwatiranireni sanandiuzepo mawu amenewo pamaso.

Tambalayo ndagwira ndekha, ndaphika. Tadya awiri, iwo akundisunthizira mbale ya ndiwo, maso ali kumsewu. Andifunsa ngati ndimawadziwa a Matilda. Ndati eya, ndimawadziwa, ndipo nawonso akusowani.