Matayala a ukwati wa Tiyamike

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Abambo munawapeza? Kuno ku Chintheche tilipo, ngakhale kuti nyumba yanu yatikulira chichokereni inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Esinala anachira bwino, mwana ndi wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Ali ndi kachipumi kanu komwe. Ndimapita naye kusikelo ndekha chifukwa ndimaona ngati sakunenepa, koma anamwino akuti vuto lili ndi bambo, osati mwana. Chinangwa cha m'munda wanu tinakumba. Cha kumtunda chinabereka, cha kumunsi chinaolera m'nthaka chifukwa ngalande ija munkaikonza chaka chilichonse inatsekeka. Denga la khitchini likudontha pakona pomwe paja. Kuntchito ndikadali m'chipinda choyezera mphira, ndikuyeza utomoni wa mitengo yomwe ija munkaicheka makungwa m'mamawa.

Nkhani yaikulu ndi ya Tiyamike. Chitsirizira wanu akukwatiwa mwezi wa mawa ndi Wanangwa, mphunzitsi uja wa ku Kande amene munkati amapereka moni ngati akupepesa. Ndi mnyamata wabwino. Tiyamike wapempha chinthu chimodzi chokha: kuti achoke pakhomo pano kupita kutchalitchi ku Kande pa galimoto ya abambo.

Inde, kagalimoto kofiira kaja ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene bwana wa esiteti anawasiyira abambo pobwerera kwawo, poti ndi iwo okha ankadziwa kukakonza. Inu munkakatcha "mkazi mnzanga," chifukwa Loweruka lililonse abambo ankathera pansi pake. Ine ndi makaniko wina takhala tikulimbana nako, ndipo injini inalira. Mabuleki ndinawayesa mpaka makaniko ananditopera. Chatsala ndi matayala. Akale aja anaphwa kalekale, ang'ambika m'mbali ngati zidendene za m'chilimwe.

Amayi, sindinkadziwa kuti tayala lingamusowetse munthu mtendere chotere. Kagalimoto aka kamafuna matayala opyapyala, aatali, amene masiku ano sapezeka. Malimu ake ndi a masipoko ngati a njinga, ndiye amafuna machubu m'kati, apo ayi mpweya umathawira m'mabowo a masipoko. Ndinayenda Mzuzu yense ndi muyeso wake. Wina anandionetsa a kaunjika, otambalala, onyezimira ndi mafuta amene anawapaka. Ndinayeza, ndinapeza kuti pokhota azikhula mudigadi. Wina anati ndiike a galimoto yonyamula katundu, koma amenewo ndi olimba ngati chitsulo, kagalimoto kopepuka ngati aka kazingodumpha. Pomaliza ndinapeza wogulitsa wina ku Lilongwe amene anavomera kuitanitsa kunja enieni ake, atsopano, pamodzi ndi machubu. Koma za tsiku lofika akungoti, "Ali m'njira, bwana."

Ndiye Loweruka lapitalo kunabwera alendo. Amalume ake a Wanangwa, amene kwawoko amati asibweni, anafika ndi azimayi atatu ndi matayala anayi okulungidwa m'mapepala. Bamboyu anagwira ntchito zaka zambiri pa malo ena ogona alendo kunyanja, ndipo mwini wake potseka malowo anawapatsa zonse za m'sitolo. Anamva kuti tikuvutika, ndiye anati iyi ndi mphatso ya banja lawo kwa mkwatibwi. Muyeso wake ndi womwewo, Amayi, ndendende. Sanapondepo msewu, ngakhale tiubweya tija ta tayala latsopano tikadalipo. Azimayi analulutira, Tiyamike anagwada akulira, ine ndinati "Yewu, yewu" m'Chitonga changa chopunduka chija, ndipo ndinathokozadi kuchokera pansi pa mtima.

Alendo atapita ndinachita zimene inu munkachita ndi patapata aliyense musanagule. Ndinadinikiza chikhadabo. Sichinalowe. Ndinanunkhiza, sindinamve fungo la mphira, koma la fumbi ndi makoswe. Nditapinda m'mbali mwake panatuluka timing'alu tating'onoting'ono ngati pa mbale yadothi. Kenako ndinayang'ana manambala osonyeza nthawi imene tayala linapangidwa. Matayala a masiku ano amakhala ndi manambala anayi. Awa ali ndi atatu, monga ankalembera kale. Ndi aakulu kuposa mkwatibwi amene akufuna kuwakwera.

Munkanena mukamataya mphira zouma zomangira katundu panjinga kuti, "Mphira sidziwa kuti ikupuma, imakalamba ili chikhalire." Kukoleji anandiphunzitsa zomwezo ndi mawu ataliatali. Tonse awiri tikudziwa chimene tayala lotere limachita likatentha.

Pali chinthu chimene sindinakuuzenipo, chifukwa panalibe pokuuzirani. Tsiku lija minibasi yanu inagubuduzika pafupi ndi Sanga, mukuchokera kogula mpunga ku Limphasa, ine nditachoka kuchipatala ndinapita pamalopo. Mpunga wanu unali mbwee mumsewu, nkhuku za anthu zikutola. Tayala lakutsogolo linali m'ngalande, litasendeka ngati nthochi. Anthu ankati mwina linali lakutha. Silinali lakutha, Amayi. Mizere yake inali yakuya bwinobwino. Ndinalidinikiza ndi chikhadabo, ndipo sichinalowe.

Ndinafotokoza zonsezi kwa amalume a Fulaye, mchimwene wanu, amene ndi ankhoswe a mbali yathu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe Lameki, mphatso ya apongozi saiyeza ndi chikhadabo. Ife ndife obwera kuno, anthu a m'malaini a esiteti. Iwo ndi eni dziko, atilemekeza, ndiye iwe ukawauze kuti atipatsa zowola?" Anati ku Kande si kutali, woyendetsa ayende pang'onopang'ono, ukwati ukatha tidzawachotse mwakachetechete.

Ndinaganizira zimenezo masiku angapo, ndipo ndinafuna kuvomera. Koma inu mukudziwa mmene magalimoto a ukwati amayendera kuno. Akangoyamba kuimba mahutala, wina amafuna kupitirira mnzake, wina amakhotetsa uku ndi uku kuti anthu akuwe, ndipo palibe amakumbukira zimene analonjeza m'mawa. Ukwati uli mwezi wotentha, masana, phula likuyaka, ndipo m'mphepete mwa msewu ndi modyeka. Kagalimotoko kalibe denga, kalibe malamba. Tayala likaphulika palibe chomugwira mwana wanu.

Tiyamike sanafune kumva. Anati, "Achimwene, inu chilichonse mumaonamo maliro. Amayi tinaika kale, musandiikire ndi ukwati wanga." Mbali ina akunena zoona. Ndine munthu amene ndimabwerera kukagwira loko kawiri. Mwina matayalawo akanafika ku Kande n'kubwerako popanda kanthu, ine n'kukhala chitsiru chimene chinanyoza apongozi pachabe. Sindingathe kutsimikizira munthu aliyense kuti akanaphulika. Ndimangodziwa mmene mpunga umaonekera pa phula.

Choncho Lachitatu ndinawabweza matayala aja. Amalume a Fulaye anakana kundiperekeza, ndiye ndinapita ndekha, nditanyamula tambala wopepesera. Ndinakhala pansi, ndinafotokoza mwaulemu wonse umene munandiphunzitsa, ndinawaonetsa timing'alu tija. Asibweni sanayang'ane n'komwe. Anangoti, "Tamva, asambizi," kunditcha mphunzitsi, ndipo sanandiperekeze ngakhale pakhomo. Dzulo m'mawa tambala uja ndinamupeza pakhonde pathu, miyendo ikadali yomanga ndi chingwe changa chomwe.

Ukwati sanauimitse, koma zokambirana za mbali ziwiri zimene zimayenera kuchitika mawa azisuntha osanena tsiku. Wanangwa amandipatsabe moni, wa kutali. Tiyamike wasamukira kwa amalume, ndipo akabwera kudzaona mwana amalowera khomo la kukhitchini. Ndamvanso kuti anyamata a ku Kande akuti adzabwera ndi matayala aja n'kuwaika okha ine ndili kuntchito. Ndiye ndakweza galimoto pa njerwa, ndamasula malimu onse anayi ndi lapadera lomwe, ndawalowetsa kuchipinda kwathu. Esinala akuti tsopano tikugona m'galaja, koma sanandiuze kuti ndiwatulutse.

Tsiku lililonse ndimaimbira wa ku Lilongwe uja. Matayalawo akafika nthawi ilipo, ndidzawadinikiza limodzi limodzi, ndidzaika machubu ndekha, ndipo ndidzayamba ndayenda nawo ine kupita ku Kande ndi kubwerera, masana dzuwa lili pamutu, Tiyamike asanakwere. Akapanda kufika, Tiyamike adzajambulitsa atakhala m'kagalimoto ka abambo kali pa njerwa, diresi lidzabisa njerwazo, ndipo kutchalitchi adzapita pa galimoto ina imene matayala ake ndawagwira ndi manja anga. Mwina sadzandilankhula chaka chonse. Mwina mwana wake woyamba ndidzamuonera kutali. Ndalola.

Muwauze abambo kuti injini yawo ikulira bwino. Ndikudziwa kuti mwamusowa Tiyamike, Amayi, koma mundikhululukire, sindimutumiza kumeneko. Mudikire ndithu, adzabwera ali ndi imvi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki