Nsatsi za ku Chanyanya

Okondedwa azakhali,

Muli bwanji ku Petauke? Kuno ku Kafue ana ali bwino, koma ine mtima sukukhala pansi.

Amuna anga, ba Shadreck, anapeza ntchito ya ulonda pa famu yatsopano kufupi ndi Chanyanya. Amalima nsatsi, akuti mafuta ake ndi oyendetsera ndeke. Tinayamika Mulungu. Koma eni famu anagwetsa mitengo mpaka m'mbali mwa mtsinje, ndiye mvula ikagwa matope ndi mankhwala amatsikira m'madzi. Nsomba zomwe ndimagulitsa pamsika zachepa, zina asodzi akuzitola zitafa kale.

Mlongo wanga Lighton, msodzi uja, anabwera kunyumba atakwiya. Anati, "Mlamu, mukulondera anthu amene akutipha ndi njala." Ba Shadreck anangoti, "Nanga ana anga adye chiyani?" Kuyambira pamenepo salankhulana.

Sabata yatha pampu ya madzi ya pafamu inapsa ndi moto, ba Shadreck ali pantchito. Apolisi akufunsafunsa. Bwato la Lighton lili padooko, mwini wake sakuoneka.

Azakhali, mukaona mlendo womudziwa wafika wopanda chikwama, mumupatse madzi osamba. Musamufunse zambiri, ndipo musatiimbire foni.

Ndine mwana wanu,
Dainess