Madzi Anatsala Tsidya Lino la Njanji

Kumunda, Hanford
27 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Norberto,

Ndalemba kalata chifukwa foni mumadziwa kuizemba. Mukaona dzina langa mumati muli pamsonkhano, kenako mumatumiza kauthenga ka mawu atatu. Pepala simungaliuze kuti muli pamsonkhano, ndiye muliwerenge mpaka pansi. Ndikhulupirira muli bwino ku San Francisco kozizirako, pamodzi ndi alamu anga a Corinne ndi ana. Ife kuno tikupsa ndi dzuwa, ndipo ine ndakwiya, ndisakunamizeni.

Nkhani ndi ya mitengo ya mtedza wa amondi ya kumadzulo, maekala khumi ndi asanu ndi atatu amene ababa anabzala komaliza asanamwalire. Ndiyamba kutali, chifukwa inu mumakonda kuiwala mbali imene ikukukhudzani.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo kunabwera mayi uja wa ku ofesi ya njanji ndi mapu ake, mzere wofiira utadula munda wathu mopingasa. Unali mwezi wokolola ngati uno, ine ndili pa makina ogwedeza mitengo kuti mtedza ugwe, fumbi mpaka m'mano. Munandiuza kuti, "Pita kuntchito Delfina, za mapepala ndisiyire ine, ndi zimene ndinaphunzira." Ine ndinangolowa kudzasaina pomaliza. Mayiyo anakufunsani ngati pali chilichonse chodutsa pansi pa mzerewo, inu munati palibe. Palibe! Inu amene munakumba nawo ngalande ya paipi ya simenti muli ndi zaka khumi ndi zinayi, manja mpaka kuchita matuza. Inde, paipiyo siili pa mapu a munthu aliyense, ababa sankalemba zinthu, ankangoloza ndi chipewa. Koma ndi yomweyo imene inkatenga madzi pachitsime cha kuseri kwa nyumba n'kukathirira mitengo yonse ya kumadzulo.

Zaka zisanu panalibe chochitika, tinkangoona tizikhomo tomangirira tinsalu tofiira. Mu Okutobala chaka chatha anabwera ndi makina awo, anakumba, anaphwanya paipi, n'kuunjika chimulu cha dothi chotalika kuposa denga la shedi, waya uku ndi uku. Chitsime chinatsala tsidya lino, mitengo tsidya ilo. Malo amene ndinkafikako wapansi khofi asanazizire m'kapu, lero ndimazungulira mamailosi khumi ndi imodzi kukawolokera pamlatho. Kukumba chitsime china tsidyako musanene n'komwe, mukudziwa kuti ababa anayesa kawiri n'kupeza madzi amchere.

A njanji anati paipi yatsopano itha kudutsa pansi pa chimulucho, bola eni munda onse awiri asaine pepala lopempha, popeza poyamba tinanena tokha kuti palibe kanthu. Pepalalo ndinakutumizirani mu Febuluwale, mitengo ili mbuu ndi maluwa, njuchi zili kalikiliki. Ndinatumizanso lina mu Malichi. M'malo mwake munanditumizira lanu, lakuti chigawo cha tsidyacho tingowagulitsa chifukwa chatsala chokha. Munaganiza kuti mukalikhalira pepala langa ndifooka. Musakane, ndinakuonerani pamaso mu Juni ku chikondwerero cha Mzimu Woyera.

Muja muholo ya tchalitchi, anthu ali pa matebulo aatali akudya msuzi wa ng'ombe ndi buledi, inu munali pakati kulalikira.

"Anthu inu mumaganiza pafupi," munatero mukuloza ndi supuni. "Los Angeles ndi San Francisco, maola osakwana atatu! Ku Japan inayamba kalekale, ku Spain ikuyenda. Ifeyo tinalakwanji? Misewu yadzaza, ndege zadzaza, anthu akuchulukirachulukira. Sitima yaliwiro ndi imene itipulumutse."

Achikulire a Bettencourt, aja a ng'ombe za mkaka, anaika dzanja kukhutu. "Nanga njanji yakeyo ili kuti, mwana wa Avila iwe? Ine ndikungoona zipilala za simenti, anamzeze atamangapo zisa."

"Zinthu zazikulu zimatenga nthawi, amalume."

"Aaa, ndiye udzandikwezemo ndili m'bokosi. Mwina kumanda ndidzafika msanga."

Anthu anaseka, inunso munaseka. Ine sindinaseke. Ndinakutsatirani mpaka pagalimoto.

"Achimwene, pepala lija."

"Delfina, mitengo ija yakalamba. Ukulimbana ndi chiyani? Dziko likupita kutsogolo, iwe wakakamira mtedza."

"Mtedza womwewo ndi umene unakuphunzitsani kuloza ndi supuni."

"Ndikaliona ndikafika," munatero, n'kutseka chitseko.

Mundimvetse, sitimayo sindidana nayo. Mwina idzayendadi, mwina idzadzaza anthu tsiku lililonse, mwina idzathera pa zipilala zomwezi. Sindidziwa, ndipo ndikukayika ngati inuyo mukudziwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti aliyense wokamba za sitimayi amakamba za mizinda iwiri ya kumapeto. Pakati amangoti kuchigwa, ngati ndi pepala loyera loti munthu n'kujambulapo mzere ndi lula. Alendo akatero ndimawakhululukira, sanamwepo madzi athu. Koma inu munabadwira pakatipo, ndipo mukudziwa kuti mtengo wa amondi sudikira msonkhano.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, muzimve kwa ine asanakuuzeni ena. Kuyambira Epulo ndinkatunga madzi m'thanki ya pangolo, kuzungulira pamlatho kanayi pa tsiku. Kunali kungonyowetsa fumbi. Ndiye tsiku lina ndikuyenda m'mbali mwa waya ndinaona kalavati pansi pa chimulucho. Si ya madzi ayi. Ndi ya nkhandwe, tinkhandwe tating'ono ta makutu aatali tija, kuti tiziwoloka bwino sitima isatigunde. Sindikunama. Nkhandwe anazikonzera njira, chifukwa tsiku la mapu zinali ndi woziyankhulira. Mitengo ya ababa inali ndi inu.

Lamlungu lotsatira chikondwerero, anthu ali ku Misa, ndinadula waya. Ndinakwawa chafufumimba m'kalavatimo, ine mayi wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndikukoka chingwe, mawondo kusupuka. Chingwecho ndinachimangirira ku thirakitala n'kukoka paipi yakuda yonenepa ngati ntchafu, kuchokera pachitsime mpaka tsidya. Madzi atatulukira kumeneko ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, sindichita manyazi kunena. Kwa masabata atatu mitengo inamwa, masamba amene anali atapinda anayambanso kutambasuka.

Amene anandipeza ndi Ramiro, kapitawo wa omanga njanjiwo. Mukumukumbuka, tinkakhala naye desiki limodzi kusukulu. Anaima pakamwa pa kalavati manja ali m'chiuno.

"Delfina, iyi ndi nkhandwe ya mtundu wanji, yakuda, yaitali chonchi?"

"Yaludzu. Isiye."

"Mayi iwe, ukufuna andichotse ntchito? Masabata awiri ndakhala ndikudutsa pano ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mbalame. Koma mawa kukubwera oyendera, ndipo amenewo amayang'ana pansi."

"Ndiye ukaiuze mitengoyo isiye kumwa mpaka iwo atapita."

"Usandikalipire ine. Pepala lija lili kuti? Likangobwera losaina, makina obowolera ali apo, masiku awiri paipi yako yadutsa bwinobwino, palibe wokufunsa."

"Lili kwa achimwene."

Anavula chisoti, n'kukanda m'mutu. "Norberto yemwe uja? Amene ankabwera kusukulu matumba atadzaza mtedza?" Anawerama n'kuyamba kundithandiza kukulunga paipi, kenako anakonza yekha waya kuti ndisakalowe m'milandu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanali anga, achimwene, ndinakunyamulirani.

Julayi mukumudziwa, ngakhale munathawa. Mphepo yotentha ngati yochokera mu uvuni, dothi la mchenga lija losasunga dontho. Ndinakuimbirani kasanu ndi kawiri. Ndinabwerera ku thanki, mpaka ngolo inathyoka ekiselo pamlatho. Masamba anayamba chikasu, kenako anayoyoka, mitengo n'kutsala mbee pakati pa chilimwe. Lachiwiri lapitali ndinapitabe ndi makina ogwedeza, sindidziwa ndinkayembekeza chiyani. Mtedza unakanirira m'nthambi, wogwa unali wopepuka ngati mankhusu. Ndinaswa wodzaza chipewa, m'kati munali tinthu tofota takuda. Mlangizi anabwera, anapala khungwa ndi mpeni pa mitengo makumi awiri, ponse pali pouma gwa. Akuti siidzaphukanso, ngakhale titaithira mtsinje wonse.

Ndiye pepala lanu lija ndasaina, lili m'envelopu momwemu. Mwapambana. Kagulitseni, ndilibenso choteteza tsidyako. Musanditumizire mawu achifundo, ndipo musayerekeze kundiuza kuti n'chimodzimodzi mitengoyo inali yokalamba. Inali ndi zaka zina zisanu zobereka, ndipo inafa ndi ludzu chitsime chili chodzaza pamtunda woti munthu akaitana umamva. Simunaiphe ndi nkhwangwa, munaipha ndi cholembera chimene munachisiya m'thumba. Ndakhala ndikufunafuna mumtima mwanga malo okukhululukirani, mpaka lero sindinawapeze.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo chimenechi simuchizemba. Amayi sakudziwa. Chithyokereni m'chiuno sapitirira pakhonde, ndipo chimulu chija chinawatsekera maso. M'mawa uliwonse ndikawapatsa khofi amafunsa, "Tsidya kuli bwanji, mwanangu?" Ine ndimati kuli bwino, Amayi. Ndawanamiza chilimwe chonse, ine amene sindinawanamizepo ngakhale ndili mtsikana. Mitengo ija anabzala ndi manja awo pamodzi ndi ababa, iwo akugwira kamtengo, ababa akukwirira.

Pa 11 Seputembala kukubwera makina ozula. Sindingachedwetse, chifukwa mtedza wofota ukatsala m'mitengo umaswetsa mbozi, ndipo mbozizo sizidzaopa waya, zidzalowa mitengo ya tsidya lino. Phokoso la makina amenewo Amayi amalidziwa, alimva kwa aneba zaka zonsezi. Akadzangolimva kumadzulo sadzafunsanso munthu. Ndiye mubwere tsikulo lisanafike. Ndi maola anayi pagalimoto, sitima musaidikire. Mudzakhale pampando wa pakhonde, mudzawayang'ane kumaso, mudzawauze nokha zimene zachitika ndi chifukwa chake. Ine ndinakwawa m'njira ya nkhandwe, mbali yanga ndinachita. Iyi ndi yanu.

Moni kwa alamu anga a Corinne, iwo alibe mlandu. Tiago ndi Lucia muwauze kuti azakhali awo amawakonda ndipo sanasinthe. Amayi andiona ndikulemba patebulo pano, ndipo akupereka moni wambiri kwa inu. Akuti muzidya mokwanira, pa chithunzi chija munatumiza munaoneka owonda. Akutinso ndikukumbutseni kuti mtedza woyamba wa mitengo ya ababa ndi wa adzukulu awo monga chaka chilichonse. Asoka kale timatumba tiwiri tansalu, n'kupeta mayina a anawo ndi ulusi wabuluu, tili apa pambali pa dzanja langa. Andifunsa ngati ndagwedeza kale tsidya kuti tidzazemo. Ndawayankha kuti chaka chino mubwera kudzatenga nokha, ndipo ayamba kale kundiuza zoti tidzakuphikireni.

Ndine mlongo wanu,
Delfina