Ulendo wa ku Ingalande waima chifukwa cha tchizi

Lachitatu. Mwera wawomba tsiku lonse, mtima nawonso suli m'malo.

Amuna anga aimba foni masana ndili mkati moyanika chinangwa. Kufakitale ya tchizi kumene amagwira ntchito ku Ingalande zinthu zavuta. Akuti Amereka yakweza msonkho pa katundu wochokera kumeneko, ogula achepa, ndiye mabwana ayamba kuchotsa anthu.

"Make Shakira, musabwere kaye. Sindikudziwa ngati mwezi wamawa ndidzakhale ndili pantchito."

Ndangoti, "Chabwino." Ndikanati chiyani? Ntchito ya kuloji ya alendo ku Ngala ndinasiya kale, nyumba ya lendi ndinabweza, mipando ndinagulitsa. Ndili kwa apongozi kuno ku Dwambazi, zikwama zili zomangamanga kuseri kwa chitseko.

Apongozi andifunsa kuti, "Nanga azungu akamakangana za tchizi, inu zikukukhudzani pati?" Tchiziyo ine sindinailawepo n'komwe.

Mwana wanga Shakira anatsanzika kale anzake kusukulu. Wandifunsa ngati mawa apitenso. Ndamutulutsira yunifolomu m'chikwama, waivala n'kuyamba kulira. Zikwama zanga sindinamasule ayi. Mwina bambo ake akaimbanso Loweruka...